Makobiri obowoka a agogo: kodi ndi chuma kapena ndi chitsulo chabe?

NaPhiri_waDedza:
Abale ndithandizeni nzeru. M'chitini cha malemu agogo anga tapezamo ndalama zakale. Zambiri ndi makobiri obowoka pakati, a njovu ziwiri, olembedwa Rhodesia and Nyasaland. Mulinso masheleni a Kamuzu a 1964 okhala ndi chimanga kumbuyo, ndi tiki (ndalama ya makobiri atatu) mmodzi wa Southern Rhodesia wa 1936. Mlamu wanga akuti makobiri obowokawo azungu amagula mamiliyoni. Ndi zoona? Nanga chimachititsa n'chiyani kuti ndalama ina ikwere mtengo pamene inzake yofanana nayo ili yachabe?

Chimwene_Joni:
Mayi, alamu anuwo akungobwereza mphekesera ya m'minibasi. Makobiri a njovuwo anapangidwa mamiliyoni ambirimbiri kuyambira 1955 mpaka chitaganya chitatha mu 1963, ndiye pafupifupi khomo lililonse la agogo lili nawo. Chinthu chopezeka paliponse sichikwera mtengo ngakhale chikalambe bwanji. Kuno ku Joni zinachitikanso ndi R5 ya Mandela ya 2008. Anthu anazisunga m'masutikesi poganiza kuti alemera, koma zinatuluka zochuluka kwambiri moti yogwiritsidwa kale ntchito lero imagulabe za R5 basi.

Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama "yoyezetsera" kobiri lanu asanakupezereni wogula, thawani.

BamboGondwe:
Ine ndakhala ndikusonkhanitsa ndalama zakale kuyambira ndili mphunzitsi, ndiye ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Osonkhanitsa sayang'ana ukalamba. Amayamba ndi chaka, chifukwa ndalama za mtundu umodzimodzi sizinkapangidwa mofanana chaka chilichonse. Tiki wa ku South Africa ndi chitsanzo chabwino. A zaka zambiri ndi otchipa, koma wa 1931 anapangidwa osakwana 200, ndiye amalimbiranidwa koopsa. Chithunzi chomwecho, kukula komweko, kusiyana ndi manambala anayi okhawo. N'chifukwa chake akathyali amapala nambala yomaliza pa tiki wa chaka china kuti aoneke ngati wa 1931, ndipo ogula enieni amaunika ndi galasi lokulitsa asanatulutse ndalama.

Chomwe chimandisangalatsa ine kwambiri ndi zolakwika. Mu 1892 dziko la Pulezidenti Paul Kruger la Transvaal, lomwe lero ndi mbali ya South Africa, linapangitsa ndalama zake ku Berlin. Wojambula wa ku Germany anajambula ngolo yokhala ndi mitengo iwiri yokokera, monga ngolo za kwawo, pamene ngolo ya Mabunu inali ndi mtengo umodzi pakati pa ng'ombe. Anthu anaseka, adani a Kruger anapezerapo pomunyozera chisankho chili pafupi, ndipo chidindo chinakonzedwa msanga. Ndiye chaka chimodzi chomwecho chili ndi mitundu iwiri, ya mitengo iwiri ndi ya mtengo umodzi, ndipo pamsika sizigulidwa mofanana. Chodabwitsa n'chakuti pa ndalama yagolide ya paundi, yokonzedwayo ya 1892 ndiyo yosowa kuposa yolakwikayo, chifukwa anthu anathamangira kusunga yolakwika ija. Ndiye musangoti cholakwika ndiye chodula, funso limakhala lakuti zatsala zingati.

Tsopano za chitini chanucho. Tiki wa 1936 uja musamutaye, ndi wasiliva. Southern Rhodesia inkapanga ndalama zasiliva mpaka 1946, kuyambira 1947 anasinthira ku chitsulo chosakaniza kopa ndi nikelo. Ndalama zimenezo zinkayendanso kuno ku Nyasaland chitaganya chisanabwere. Ndi kakang'ono, simumangira nyumba, koma kakuposa makobiri obowoka aja.

NaPhiri_waDedza:
Zikomo bambo Gondwe. Ndiye ndiwakweche ndi phulusa kapena mandimu kuti awale ndisanawaonetse kwa munthu? Ena ada bii.

BamboGondwe:
Ayi mayi, chonde musayerekeze! Kuda kumeneko ogula alibe nako vuto, koma zokalika za phulusa amaziona nthawi yomweyo ndipo mtengo umagweratu. Chimene amafuna ndi chakuti zojambula zisafufutike. Tengani sheleni la Kamuzu, muyang'ane chimanga chija: ngati njere zikuoneka imodziimodzi, ndiye silinayende m'manja kwambiri. Ngati chasalala, ndi lokumbukira agogo basi. Muzigwira m'mbali, ndipo zooneka bwinozo muzikulunge payokhapayokha m'kapepala kuti zisamakhulane m'chitinimo.

Mwana_waKuZomba:
Ine ndingowonjezera za ogula. Ndalama ya Kruger imadula chifukwa ku South Africa osonkhanitsa ndi ambiri ndipo ali ndi makobidi awo. Zathu za 1964, za tambala, chimanga ndi njovu, zinayenda zaka zochepa kwacha isanabwere mu 1971, koma ozifuna ndi ochepa, ndiye mtengo wake sunakwere. Amayi, jambulani mbali zonse ziwiri, chaka chiwoneke bwino, muike pano bambo Gondwe aone ngati pali hafukoloni (ndalama ya masheleni awiri ndi theka) pakati pake.