Kodi "pen" ndi liwu limodzi kapena angapo?

Aphunzitsi a Chingerezi ndi ena odziwa, ndithandizeniko. Mwana wanga wa Sitandade 7 wakakamira kuti "pen" ndi cholembera basi, koma m'buku lake muli nkhumba zogona mu "pen", kutanthauza khola. Pofufuza ndapeza kuti la cholemberali linachokera ku liwu la Chilatini "penna", nthenga, poti kale ankalembera nthenga ya tsekwe yoviika mu inki. La kholali ndi la Chingerezi chakale, silikhudzana ndi nthenga n'komwe. Ku America ndende amaitchanso "pen", chidule cha "penitentiary", koma izo mwana sindinamuuze.

Ndiye m'kalasi mumawaphunzitsa ngati mawu osiyana ongofanana kalembedwe, kapena mumangouza ana kuti aziona chiganizo chonse? Nanga dikishonale yoyenera msinkhu wakewu ndi iti?