Zija ndinafunsa za mnzathu wa banki mkhonde ku Chibavi

Amayi anzanga, mwezi watha ndinafunsa chochita ndi mnzathu wa m'gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Chibavi, amene anasiya kubwera ngongole itamukulira. Ambiri munati tisathamangire kukamulanda katundu, tiyambe tamumva. Zikomo kwambiri, tinatero.

Tinapita awiri, kabuku tinasiya dala. Tinamupeza pakhonde akusankha kaunjika, belo yonse yatuluka zong'ambika. Anatiuza kuti anakatenga katapila pofuna kutibweza ife, ndipo chiwongoladzanja cha kumeneko ndicho chikumumaliza. Mtima unandiwawa. Munthu timakhala naye pamphasa imodzi, koma palibe ankadziwa!

Lachisanu lotsatira amayi atcheya anati tisanaponye masheya, wofuna anene chomwe chikumusowetsa tulo. Kunali zii. Kenako mayi wina wachikulire anayamba za fizi, wina za lendi, wina za abambo akunyumba omwe amatapa ndalama za geni pa Mpamba osafunsa. Tinaweruka kutada.

Tagwirizana kuti mnzathu wa ngongole uja athane kaye ndi wakatapila, zathu azibweza pang'onopang'ono tisanagawane mu Disembala, ndipo zokambidwa pamphasa zisatuluke.

Chatsala ndi chindapusa cha kuchedwa. Ine ndikuti timuchotsere, ena akukana poopa kuti aliyense azidzatero. M'magulu mwanu mumatani?