Core ya ku Chipoka: inclination yatembenuka pa 42 m, ndilembe kuti ndi Brunhes-Matuyama?

Phiri wa ku Salima:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Tinaboola n'kutulutsa core, mtanda wautali wa matope akale a nyanja, chakumtunda kwa Chipoka, mamita 60, sample pa mita iliyonse. Zaku lab zabwera: pamwamba ponse inclination (kupendekeka kwa maginito a m'matope) ili cha m'ma -25°, zoyenera kuno kumwera kwa equator. Pa 42 m yalumphira ku positive, ma sample atatu okha, kenako yabwerera. Abwana akuti ndilembe Brunhes-Matuyama, malire a pomwe maginito a dziko anatembenuka komaliza zaka 780,000 zapitazo, lipoti Lachisanu. Declination (mbali ya kampasi imene maginito akuloza) ndilibe, core sinali oriented. Pochotsa maginito pang'onopang'ono ndi AF (alternating field) anafika 80 mT. Ndilembe?

Nabanda:
Musalembe achimwene. Pansi pa malire amenewo pamayenera kukhala reversed (maginito otembenuka) mtunda wautali, mpaka mukakumane ndi Jaramillo, kanthawi ka normal, cha pa zaka 990,000. Ma sample atatu kenako normal, si Matuyama imeneyo. Mwina excursion (kusokonekera kwa maginito a dziko kwa kanthawi kochepa) ngati Laschamp ya zaka 41,000, koma nayonso popanda deti lina simungaitchule.

Mkulu Mwale:
Greigite imeneyo, tinjere ta chitsulo ndi sulfure togwira maginito. M'matope a nyanja opanda mpweya imamera mochedwa, matope atakhala kale, n'kutenga maginito a nthawi ina. Onani ngati intensity (mphamvu ya maginito) ikukwera pa AF mukadutsa 50 mT.

Gondwe:
Atatu otsatizana pa mita iliyonse ndi mamita atatu, kutalika kwa run imodzi (chidutswa chotuluka ulendo umodzi poboola). Mwayang'ana mivi pa bokosi? Ine zinandionekera ku Dwangwa chaka china. Mvula inatipeza, anyamata akuthamangitsa ma core ku lole, chidutswa china chinalowa m'bokosi chadodolido. Miyezi iwiri ndikusangalala kuti ndapeza reversal. Anaona ndi woboola mwiniwake, poti mchenga wokhakhala unali pamwamba pa wosalala. Manyazi ake sindidzaiwala.

Mkulu Mwale:
Bokosi kapena ayi, yezani greigite kaye. Thermal demag (kuchotsa maginito potenthetsa), maginito akafa musanafike 350°C mwaipeza.

Phiri wa ku Salima:
Akulu, ndalama ya thermal ilibe pa bajeti. Mabokosi ali ku sitolo, ndipita mawa.

Nabanda:
Maginito paokha amangonena kuti normal kapena reversed, satchula chaka. Ngakhale aja anaboola pakati pa nyanja mu 2005, core yofika zaka zoposa miliyoni imodzi, anatsamira pa njira zina zopezera zaka: radiocarbon, luminescence ndi phulusa la mapiri ophulika. Phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, la zaka 74,000, analipeza m'menemo. Inu muli m'mphepete, kumene nyanja inkaphwa n'kubwerera, matope ena anakokoloka. Mipata yosowayo mudzawerenga bwanji?

Gondwe:
Komanso mchenga wakuda wa ku Salima uja, wa ilmenite ndi magnetite, njere zikuluzikulu sizisunga bwino maginito. Tengani m'dongo losalala basi. Ku Chiwondo Beds ku Karonga, chibwano cha munthu wakalekale chomwe anapeza ku Uraha mu 1991, zaka zake anazipeza poyerekeza mafupa a nkhumba zakale, phulusa loyezeka kunalibe.

Mkulu Mwale:
Ndanena kale ine. Mudzatembenuza mabokosi onse, greigite ili pomwepo.

Chisale:
Pepani kulowerera, alipo akudziwa kumene ndingapeze timabokosi tapulasitiki ta sample ta 2 cm kuno ku Malawi? Tanga tatha ndipo ndili ku Nkhotakota mpaka mwezi wamawa.