Kufufuta EXIF zithunzi zisanapite kwa kasitomala

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Bungwe likufuna zithunzi za nyumba yobisalamo amayi othawa nkhanza. Likuzifuna zosachepetsa, koma malo asadziwike. Kodi WhatsApp imafufuta EXIF yonse, zobisika zija zimene kamera imalemba m'fayilo ya chithunzi?

Yamikani: Zimatengera katumizidwe, achemwali. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, EXIF imachoka koma chithunzi chimafinyidwa. Mukatumiza ngati Document, fayilo imapita momwe ilili: GPS (malo amene munajambulira), tsiku, ola, nambala ya kamera, zonse. Pa imelo ndi chimodzimodzi. Mu 2012 John McAfee, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta amene ankabisala, anadziwika kuti ali ku Guatemala chifukwa cha GPS ya m'chithunzi chimodzi chimene atolankhani a magazini ya Vice anajambula pa iPhone.

Mayi Nyirenda: Gwiritsani ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ExifTool, njaulere. Lamulo lake ndi ili:
exiftool -all= -tagsfromfile @ -icc_profile -orientation chithunzi.jpg
Musalekere pa -all= pokha. Ikafufutika ICC profile (yosunga kaonekedwe ka mitundu), chithunzi chojambulidwa mu dongosolo la mitundu la Adobe RGB chimatuwa, khungu la munthu nkuoneka ngati wadwala. Ikachoka Orientation (yosonyeza mmene chithunzi chaimira), zithunzi zoimirira zimagona chammbali. Chenjeraninso: pulogalamuyi imasiya fayilo yakale yothera ndi _original mufoda momwemo. Mukatumiza foda yonse, ndiye mwapereka ndi manja anu chimene mumabisa chija.

Chisomo: Nanga kungochotsa GPS yokha?

Mayi Nyirenda: Sikukwanira mwanawe. Lamulo la -gps:all= silikhudza malo olembedwa mu XMP, gawo lina la zobisika za m'fayilo. Komanso nambala ya kamera imatsala, ndipo munthu atha kuyerekeza ndi zithunzi za ukwati zimene munaika pa intaneti nkudziwa wojambula. Palinso kachithunzi kakang'ono kobisika mkati mwa fayilo. Mapulogalamu ena sakasintha mukadula chithunzi, choncho nkhope imene munaidula imaonekabe mmenemo.

Yamikani: Ngati muli pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, pa Export sankhani Copyright Only, koma onani kuti dzina lanu mukulifunadi pamenepo. Mafayilo a RAW (osakonzedwa, momwe achokera mu kamera) musawakhudze, muli zina zimene pulogalamu imadalira powatsegula. Tulutsani JPEG, fufutani pa yomweyo, kenako lembani exiftool -a -G1 chithunzi.jpg muwerenge zotsala mzere ndi mzere.

Mayi Nyirenda: Mukatha, kulitsani chithunzi chilichonse kufika 100% muyang'ane kumbuyo kwa anthuwo. Chikwangwani cha golosale, nambala ya minibasi, baji ya pa yunifomu ya mwana, phiri lodziwika: izi ExifTool siziona. Dzina la fayilo nalonso lisatchule dera, ingolembani 001, 002.