Ana anga akusakaniza Berlin ndi Versailles, moko ili pafupi

Nabanda: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndabwera ndi vuto, chonde musandiseke. Usiku wathawu ndimachonga testi ya hisitole ya fomu 4, funso linali loti afotokoze zimene zinathandiza Hitler kutenga boma ku Germany, ndiye mwa ana 63 amene alemba zomveka sakukwana ndi khumi omwe. Wina walemba kuti Germany anailanga pa msonkhano wa ku Berlin mu 1884, wina akuti Mussolini anali wachiwiri kwa Hitler, mpaka ndinangotseka makope n'kukagona. Madeti amawaloweza bwinobwino, ukafunsa Sarajevo onse amakuwa kuti 1914, koma kuti alumikize ichi ndi icho ndiye ayi. Kwatsala masabata atatu kuti alembe moko, mabuku tili nawo anayi okha kalasi yonse. Ndiyambire pati?

A Phiri: Madamu musadandaule, nthenda imeneyo ili paliponse. Vuto ndi loti kugawana kwa Africa timaphunzitsa padera, nkhondo yoyamba yapadziko lonse padera, olamulira ankhanza padera, ndiye mwana amaona ngati nkhani zitatu za anthu osadziwana. Ine ndinasiya zimenezo. Ndimatenga Germany ngati munthu mmodzi n'kumutsatira kuyambira 1871 pamene anagwirizana kukhala dziko limodzi mpaka 1933. Za Berlin ndi Versailles ndimawauza chonchi: ku Berlin, kuyambira November 1884 mpaka February 1885, Germany ndiye anali mwini mpeni, Bismarck, mkulu wa boma la Germany, anaitana anzake kunyumba kwake kudzagwirizana malamulo ogawanira nyama. Ku Versailles pa 28 June 1919, pa pangano lothetsa nkhondo yoyamba, nyama inali pa mphasa inali Germany yemweyo, anangomuitana kudzasaina. Ndikatero ndimajambula pa bolodi mapu a mmene makoloni a Germany anagawidwira, Tanganyika kupita kwa Britain, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, South West Africa kwa South Africa, Togo ndi Cameroon kugawana Britain ndi France. Chiyambireni kutero sindinaonenso mwana wosakaniza misonkhano iwiriyi.

Nabanda: Ya mpeni ndi nyamayo ndaiba kale a Phiri kkkk. Nanga pa Hitler penipenipo?

A Mbewe: Pamenepo mposavuta madamu, gwiritsani ntchito kukwera mitengo kwa 1923. Ana athuwa anaona okha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, shuga kukwera, sopo kukwera. Ndiye mukawauza kuti ku Germany pofika November 1923 dola imodzi inkasinthidwa ndi ma mark opitirira 4 trillion, anthu kulandira malipiro n'kuthamangira kukagula buledi asanakwerenso madzulo, amamva msanga. France ndi Belgium analowa ku Ruhr, dera la mafakitale la Germany, mu January chaka chomwecho chifukwa Germany amalephera kulipira chipukuta misozi cha nkhondo chimene anamulamula ku Versailles, ogwira ntchito ananyanyala, boma n'kumangodinda ndalama zowalipira. Anthu anatopa n'kuvotera Hitler, basi.

A Phiri: Achimwene a Mbewe, zonse mwanenazo ndi zoona kupatula mzere womalizawo, ndipo mzere umenewo ndi umene umadyetsa ana malikisi. Anthu sanavotere Hitler chifukwa cha 1923. Chaka chimenecho iye anayesa kulanda boma ndi mfuti ku Munich mu November, zinakanika, anakakhala kundende ku Landsberg pafupifupi miyezi isanu ndi inayi. Kenaka zinthu zinakhazikika, ndalama yatsopano inabwera, Dawes Plan ya 1924 inabweretsa ngongole zochokera ku America. Taonani manambala a chisankho. Mu 1928 chipani cha Nazi chinapeza mipando 12 yokha m'nyumba ya malamulo, mavoti osakwana 3 peresenti. Mu October 1929 msika wa masheya ku New York unagwa, Amerika anayamba kuitanitsa ngongole zawo, mafakitale a ku Germany kutsekedwa. Mu 1930 mipando 107. Mu July 1932 mipando 230, nthawi imene malova anali atafika pafupifupi 6 miliyoni. Ndiye chimene chinamukweza ndi ulova wa pambuyo pa 1929. Za 1923 zinangosiya bala, makamaka kwa anthu amene ndalama zawo zosunga zinasanduka mapepala, koma bala lija linadzatukusira patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

A Mbewe: Aaa koma ndiye ndagwidwa. Zaka zitatu ndakhala ndikuphunzitsa chonchi, manotsi ake ndinawapeza kwa amene ndinalowa m'malo mwawo. Mawa ndikakonza.

Nabanda: Musachite manyazi a Mbewe, inenso m'manotsi mwanga 1923 ndi 1929 zili mu ndime imodzi pansi pa mutu woti mavuto a zachuma. Mwina ndine ndawasokoneza anawa.

Nachisale: Ndilowerereko pa Mussolini wa ku Italy. Ine ndimayamba ndi funso loti Italy anawina kapena analuza nkhondo yoyamba? Theka la kalasi limati analuza, chifukwa m'mutu mwawo muli zoti woluza ndi amene amapeza wolamulira wankhanza. Ndikawauza kuti anali mbali yowina, komanso kuti ndiye anayamba kukhala ndi wolamulira wotere zaka zoposa khumi Hitler asanalowe, amakhala chete kaye, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene ndimafuna. Italy analowa nkhondo mu 1915 atalonjezedwa malo pa pangano lachinsinsi la ku London, anthu ake oposa theka la miliyoni anafa, koma pogawana anapatsidwa zochepa kuposa zimene ankayembekeza, pa makoloni a Germany aja sanalaweko. Onjezani sitalaka za m'mafakitale za 1919 ndi 1920, olemera ndi eni minda kuopa kuti zichitika ngati za ku Russia mu 1917, ndiye anayamba kuthandiza anyamata a Mussolini a malaya akuda kuti azikwapula a sosholizimu. Ndipo chinthu chimodzi ndimachibwereza mpaka ana kutopa nane: onse awiri sanathyole chitseko, anachita kuwatsegulira. Mussolini anamuitana ndi mfumu Victor Emmanuel III mu October 1922, pa ulendo wotchuka uja wa omutsatira wopita ku Rome iye anabwera pa sitima kuchokera ku Milan. Hitler anamusankha ndi pulezidenti Hindenburg pa 30 January 1933, akuluakulu omuzungulira akuganiza kuti azimuwongolera ngati ng'ombe ya pangolo. Nkhanza zinadza atakhala kale pampando, nyumba ya malamulo itapsa mu February, lamulo lomupatsa mphamvu zonse mu March.

A Gondwe: Moni nonse, ndachedwa netiweki kuno imavuta. Ife a ku Karonga tili ndi mwayi pang'ono, nkhondo imeneyi inafika pakhomo. Mu September 1914 asilikali a Germany ochokera ku Tanganyika anamenyana ndi a Britain konkuno, manda ake alipo mpaka lero, ndipo mu August sitima ya Guendolen inali itawononga kale ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann panyanja yathu yomweyi. Ndikafunsa ana kuti munthu kuphedwa ku Sarajevo, kumene kunayambitsa nkhondoyi, zikukhudzana bwanji ndi agogo awo kunyamula katundu wa asilikali pa mtengatenga, yankho lake ndi utsamunda, ndiye mitu iwiri ija yalumikizana yokha. Kumwerako muli ndi John Chilembwe amene analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, January 1915 n'kuukira, komanso chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) ku Zomba.

A Phiri: Zabwino a Gondwe, koma madamu ali ndi masabata atatu okha. Za Karonga ndi Chilembwe zikhale mphindi khumi zotsegulira, apo ayi ana azikoma nazo n'kukalemba Chilembwe pa funso la Hitler. Ndinazionapo. Chinanso, mukamaphunzitsa za olamulira ankhanza pamakhala mwana wina wofuna kutchula andale akuno, ine ndimangoti zimenezo tikambirane pa bureki, pepala la MSCE likufunsa za Germany.

Nabanda: Ndamva zonse. Koma kunena zoona vuto la mabuku likadalipo, ndikangoyankhula ine ndekha piriyodi yonse amagona, makamaka ikakhala ya masana.

Nachisale: Pezani chingwe cha sisalo ndi makatoni akale ku golosale. Mangani chingwecho khoma ndi khoma, dulani makatoni, lililonse chaka chimodzi kutsogolo, chochitika kumbuyo. 1871, 1884, 1914, 1917, 1919, 1922, 1923, 1929, 1933. Mwana aliyense wopachika katoni lake anene chiganizo chokhala ndi mawu oti "chifukwa cha" cholozera katoni lam'mbuyo, akalephera abwerere nalo pansi gulu lake limuthandize. Mabuku anayiwo akwana, gulu lililonse limodzi, ntchito yawo kungofufuza chiganizo chimenecho. Sabata yomaliza azilemba ndime imodzi patsiku, mfundo, umboni wa chaka kapena nambala, kenaka kufotokoza kuti zinamuthandiza bwanji Hitler. Esei yonse adzalembe kamodzi kokha, kuchonga makope 63 tsiku ndi tsiku mungafe nazo.

Nabanda: Ndabweranso, lero Lachinayi. Chingwe chamangidwa, ahedi anadabwa kuti ndikuyanika chani m'kalasi. Mtsikana uja analemba za Berlin ndi amene wapachika 1919, wanena yekha kuti mwini mpeni wasanduka nyama, kalasi yonse kuseka. Pa 1923 ndi 1929 anakangana mphindi makumi awiri, sindinawaletse. Pamene ndakakamira ndi pa Stalin wa ku Russia, katoni lake sakudziwa kuti alilumikize ndi liti, ena akufuna kulimangirira ku Versailles.

A Phiri: Asalimangirire kumeneko, Russia ku Versailles kunalibe, anali atatuluka kale m'nkhondo mu March 1918 pa pangano la Brest-Litovsk. Stalin sanakwere ndi mavoti a anthu okwiya ngati Hitler, anakwerera m'kati mwa chipani, anali mlembi wamkulu kuyambira 1922 ndiye ankaika anthu ake m'maudindo, mtsogoleri wawo Lenin atamwalira mu January 1924 anayamba kuchotsa anzake mmodzimmodzi mpaka Trotsky kuthamangitsidwa m'dziko mu 1929. Mangani kachingwe kena kochokera pa 1917 kutsikira pansi, makatoni atatu akwana.

Nabanda: Chingwe chatsala mamita awiri, chikwana. Makatoni ndiye atha, ndituma ana abweretse Lolemba.