Oda ya madala a usilikali, akufuna nyama ya m'chitini koma bajeti ikukana

Mai a Tadala, Area 25:
Anzanga ophika mwaswera bwanji. Ine pano ndagwira njakata ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa oda yophikira madala opuma pa usilikali ndi mabanja awo, anthu 180, tsiku lokumbukira asilikali lija la Sande yachiwiri ya Novembala. Akachoka ku chipilala ku Area 18 nde abwere adzadye pa bwalo lina, malo ake ndi pamtetete palibe magetsi palibe khitchini, mpopi umodzi basi. Vuto loyamba akomiti akuti tikufuna chakudya chotikumbutsa kutchire, nyama ya m'chitini ija amati bully beef, anthu awiri chitini chimodzi, nde ndawerengetsa zitini 90 ndalama yonse ya ndiwo ikuthera pomwepo nkhuku olo imodzi sindigula. Vuto lachiwiri nsima ya anthu 180 panja, mvula yayamba kale kuopseza ndipo nkhuni zomwe ndagula ku Mgona ndi zaziwisi pang'ono. Dipoziti ndinalandira kale, kubweza sindingathe.

Shefu wa ku Biwi:
Mai mwalandira dipoziti musanawerengetse zitini? kkkk tonse tinapsapo pamenepo. Nsima si nkhani, thumba limodzi la 50 kg likwana ndipo ufa utsalako, ine ndimawerengera kota kilo pa munthu wamkulu. Koma za zitinizo dikirani a Sajeni abwere pa intaneti, ndi dipatimenti yawo imeneyo.

Anaphiri Catering:
Ine ndikanangowauza kuti sizitheka, aonjezere ndalama kapena adye nkhuku ngati anthu ena onse. Makasitomala mukawalekerera amakukwerani pamutu.

Sajeni Wopuma:
Ndafika. Mai a Tadala pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhudza. Ine ndaphikira asilikali zaka zambiri, ndinayambira ku Cobbe ku Zomba kenako Kamuzu Barracks konkuno, ndipo ndinali nawo pa njanji ya ku Nacala nthawi imene asilikali athu ankalondera sitima ku Mozambique, ntchito ija inayamba 1987 nkhondo ya Renamo ili pachimake. Nde ndikuuzeni chilungamo, madala amenewo akamati tikufuna bully beef sakunena kuti akufuna kukhuta bully beef. Palibe amene anakhutapo chinthu chimene chija. Chitini chimodzi tinkagawana anthu anayi nthawi zina asanu, ndipo kukatentha ngati mmene kumatenthera ukadutsa Nayuchi kulowera ku Cuamba, umati ukatsekula ndi kakiyi kaja mafuta ali chuu ngati madzi, nyama yake phalaphala, umangothira pa nsima nkumeza. Chomwe akufuna ndi fungo lija basi, alawe aseke akumbutsane mayina a anzawo. Mukawapatsa theka la chitini aliyense popanda ndiwo zina, theka la mbale zibwerera ndipo mmawa mwake azikunenani kuti mai aja anatidyetsa za m'chitini tsiku lathu lalikulu.

Mai a Tadala, Area 25:
A Sajeni zikomo, nde mukuti ndipange bwanji poti akomiti analemba okha pa pepala zitini 90

Sajeni Wopuma:
Gulani zitini 30 za 340 g zija, ndi makilo 10 amenewo. Mbatatesi makilo 25, anyezi wambiri osaumira, tomato pang'ono. Mbatatesi muduledule timabokosi ting'onoting'ono muwiritse isafewetsetse, anyezi mukazinge mpaka afiire, thirani mbatatesi, nyama ilowe kumapeto penipeni moto mutachepetsa chifukwa inapsa kale ku fakitale, mukaiphikitsa imasungunuka nkusanduka msuzi. Mchere musathire olo pang'ono, muli kale wambiri ndipo madala ambiri pamenepo ali pa mankhwala a BP. Aliyense supuni imodzi yaikulu pambali pa mbale. Ndi mmene tinkachulukitsira kutchire, kungoti ife mbatatesi kunalibe, tinkathira chinangwa chomwe tagula kwa anthu a m'mbali mwa njanji kapena kuphwanyiramo mabisiketi olimba aja. Ndalama ya zitini 60 zotsalazo gulani nkhuku ndi nyemba ndi masamba. Akomitiwo auzeni kuti wanena ndi wophika wa ku Nacala, akakana mundipatse foni ndiyankhule nawo ndekha.

Shefu wa ku Biwi:
Pogula yang'anani chitini chilichonse Mai, chotupa kapena chadzimbiri pa msoko chisiyeni olo akutsitsireni mtengo. Ndipo mukatsekula musasiye nyama m'chitinimo padzuwa, kutsekula nkuthira mu poto nthawi yomweyo.

Anaphiri Catering:
Koma ine sindikumvetsabe, munthu unavutika kunkhondo nde pa chisangalalo ufunenso chakudya cha mavuto chomwecho? Zili ngati ine ndipemphe madeya pa ukwati wa mwana wanga poti ndinadya nthawi ya njala ya 2002.

Mdzukulu wa KAR:
Asisi Anaphiri zimenezo musazidabwe. Agogo anga anali mu King's African Rifles, anakafika mpaka ku Burma 1944, kuchigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata. Ankatiuza kuti misewu inali matope okhaokha moti phoso linkachita kuponyedwa kuchokera mu ndege, thumba lina kuphulika lina kukodwa mu mtengo, ndipo chimene chinkawawawa kwambiri sichinali zipolopolo koma mpunga, miyezi ndi miyezi osaona nsima. Atabwerako mpunga anaukana mpaka imfa, olo pa Khrisimasi ankati ndiphikireni mgaiwa. Koma bully beef yekhayo ayi, akalandira kandalama amatuma mwana kukagula kachitini kamodzi, amatsekula okha pang'onopang'ono ndi kakiyi, kudya ndi mpeni, ife adzukulu kutipatsa kakang'ono ngati mankhwala, kenako nkhani za ku Burma ziyambe mpaka nyali kutha palafini. Chitinicho sankataya, ankasungiramo fodya.

Sajeni Wopuma:
Mwaonatu. Achikulire amenewo ndi amene anatitsekulira njira, ngakhale dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku nkhondo yomweyo, malo aja a m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a kuno anamenya 1940.

Kopolo wa ku Kawale:
Moni akuluakulu, ine ndimangowerenga mugulu muno koma lero ndiyankhuleko. Pano ndili ndi kalesitilanti koma ndinapitako ku DRC, mbali ya Beni, mu gulu la asilikali a UN lija linayamba 2013 tili limodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Ife nthawi yathu zinali zosiyana ndi za a Sajeni, pa kampu chakudya chinalipo, mpunga, supageti, nkhuku za mufiriji, moti ena ankanenepa. Koma mukatuluka patrol masiku angapo m'nkhalango muja ndi timapaketi basi, kudya kozizira utakhala pa chipewa mvula ikukuthira, moto osayatsa chifukwa utsi umakuulula. Tsiku lina tinagula chigwada kwa amayi ena, kumeneko amati sombe, mnzathu wina wa ku Nkhata Bay anasinja ndi botolo mu mesitini, kambale ka chitsulo ka asilikali kaja, nkuphika, tinadya anthu asanu ndi atatu chete ngati tili mu tchalitchi. Nde Mai a Tadala ngati pagululo pali anyamata a ku Congo, ikaniponi chigwada chotendera, muona okha. Komanso kumbukirani pakhala azimayi amasiye, Novembala yemweyu 2018 tinataya anzathu asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni. Amenewo ndi ana awo muyambe ndi iwo kugawira, asakaime pa mzere kumbuyo kwa ife.

Mai a Tadala, Area 25:
A Kopolo mwandikumbutsa chinthu chachikulu, ndiika tebulo lawo padera atsikana azikawaperekera. Chigwada ndikafuna kwa Wakawaka Loweruka mmawa. Tsopano za moto, ndimaganiza zobwereka diramu lodula pakati ndiphike nsima yonse kamodzi.

Shefu wa ku Biwi:
Diramu ayi Mai. Choyamba simudziwa munali chani, ena amasungiramo mankhwala kapena oilo. Chachiwiri pansi pamapserera pamwamba pali posapsa, mthiko sufika bwino m'makona, mibulu yokhayokha. Mapoto atatu a anthu 60, anyamata awiri amphamvu osinthana povundula.

Sajeni Wopuma:
Shefu wanena zoona. Ndipo mafuwa asiyeni kunyumba, kumbani ngalande. Yang'anani komwe mphepo ikuchokera, ngalandeyo iloze komweko, mulifupi ngati phazi limodzi kuti poto akhale pamwamba osagwera, kutalika mamita atatu, kolowera mphepo kukhale kozama kenako kuzikwera pang'onopang'ono. Pingasani zitsulo, zidutswa za ma ring'i a zomangira nyumba zimakwana, sanjani mapoto mondondozana, mipata ya pakati tsekani ndi malata akale ndi dothi. Moto umayenda pansi pa mapoto onse ngati mu paipi, wakutsogolo ndi wa nsima, wapakati nyemba, wakumapeto madzi a tiyi ndi otsukira. Nkhuni mugwiritsa ntchito zochepa kuposa zomwe mukanaotcha pa mafuwa, ndipo kukabwera kamphepo ka mvula moto subalalika. Dothi lomwe mwakumbalo unjikani m'mbali madzi asalowe, lona mumange m'mwamba ndithu osati pafupi ndi malawi, ndinaonapo tenti ikupsa anthu ali ndi njala.
Nkhuni zaziwisizo ziwazeni lero lomwe zikhale zing'onozing'ono, muziimike pakhonde, tsikulo muzisanje m'mbali mwa ngalande ziziuma ndi moto womwewo musanaziponye. Thumba limodzi la makala likhale pambali loyatsira.

Anaphiri Catering:
Apa nde ndaphunzirapo, ine ndakhala ndikuwononga nkhuni pa maliro ndi pa zinkhoswe zaka zonsezi. Koma mwini bwalo alola kukumba?

Mai a Tadala, Area 25:
Ndawaimbira pompano akuti bola tikwirire tikamaliza. Nanga nthawi? Mwambo akuti kukhala chete kokumbukira omwalira kuja ndi 11 koloko, kenako nkhata, kenako zoyankhula, iwo akuti afika 1 koloko koma tonse tikudziwa.

Shefu wa ku Biwi:
1 koloko ya pa pulogalamu ndi hafu 2 imeneyo kkkk. Musavundule nsima ndi wotchi, vundulani ndi foni. Tumani mwana mmodzi ku chipilala ndi mayunitsi, akangoona anthu ayamba kukwera magalimoto akuimbireni. Inu phala likhale likubwata kale pa moto wochepa, kuchoka pamenepo mpaka kuomola ndi mphindi 20, akamafika akusamba m'manja mitanda ikutuluka. Poto wachitatu muvundule anthu atayamba kale kudya.

Sajeni Wopuma:
Ndiwo zikapsa msanga musazisiye pa moto zingapserere. Kutchire tinali ndi mabokosi osunga kutentha ankati hay box, koma mutha kupanga nokha, poto ali chiwirire mutsekeni bwino, mukulungeni mu bulangete lakale, mulowetseni mu katoni yaikulu mwayalamo udzu wouma kapena masaka, osatsekulatsekula. Maola atatu mupeza akutenthabe. Nyemba makilo 12 zikwana, zinyikeni Loweruka madzulo, madzi onyikirawo mutaye. Nyembatu ine ndili nazo mbiri, tsiku lina sitima inaima malo amodzi masiku awiri njanji itaonongedwa kutsogolo, madzi ochepa, nde tinanyika nyemba mu ndowa yomwe tinkasungira madzi akumwa, anyamata anamwa tiyi wonunkha nyemba mpaka anandipatsa dzina loti Nanyati, ena mpaka lero tikakumana m'tauni amandiitana choncho.

Kopolo wa ku Kawale:
kkkkk a Sajeni Nanyati. Tiyi musaiwale Mai, msilikali ukamupatsa tiyi poyamba olo nsima ichedwe sadandaula. Masamba ambiri, wakuda bii, mu makapu a chitsulo ngati mungawapeze.

Mdzukulu wa KAR:
Koma shuga muike padera, kale ankathira mu poto momwemo koma pano madala ambiri ali ndi matenda a shuga. Ndipo nkhuku muifewetse, mano anatha.

Anaphiri Catering:
Makapu a chitsulo ndili nawo 70 anatsala pa oda ya sukulu, bwerekani koma muwerenge pobweza chonde, masupuni anga anapita choncho.

Mai a Tadala, Area 25:
Ndabwerako kwa akomiti. Poyamba wapampando anakwiya kuti mwachotsa zitini zathu, nde ndinangowaimbira a Sajeni nkuwapatsa foni, mphindi ziwiri zokha anayamba kufunsana kuti munali kampani iti, munakwera sitima chaka chanji, ine ndangoima ndi pepala langa mayunitsi akutha. Avomera zitini 30, nkhuku, nyemba, chigwada ndi kabichi. Apempha chimodzi chokha, zitini zisanu ndisatsekule, ndiziike pa tebulo la akuluakulu ndi makiyi ake atsekule okha, komanso zitini zopanda kanthu ndisataye ena akufuna kutenga.

Sajeni Wopuma:
Zisanuzo muziike m'madzi ozizira kapena mu kulabokosi mpaka nthawi yake, zikazizira nyama imatuluka yathunthu yodulika bwino ndi mpeni. Ngalande ndibwera kudzakumba ndekha Loweruka 4 koloko, mundipezere khasu ndi mnyamata mmodzi, msana sukundilolanso.

Shefu wa ku Biwi:
Zitsulo zopingasa ndili nazo zisanu ndi zitatu ndi mithiko iwiri ikuluikulu, tumizani wa kabaza adzatenge mawa isanakwane 9, ndikatuluka ndisiya kwa mlonda.