Thandizeni, mng'ono wanga amuitana mu kafukufuku wa magazi ochepa

Muli bwanji nonse mu gulu muno. Mng'ono wanga ali ndi mimba ya miyezi 6, kusikelo anamuyeza magazi ndipo Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) yatuluka 8, anesi akuti woyembekezera ikatsika pansi pa 11 ndiye kuti magazi achepa. Mapilisi a ayironi amamwa koma amamupatsa nseru komanso kudzimbidwa moti masiku ena amangodumphitsa osanena.

Ndiye pabwera a kafukufuku akuti alowe nawo, ena azilandira ayironi wa mu diripu kamodzi kokha, ena azipitiriza mapilisi, ndipo sasankha yekha ayi amachita mwamaere. Apongozi ake akukanitsitsa ati anthuwa akungofuna magazi, mukudziwa inu kwathu ku Mulanje za anamapopa zija za 2017 sizinachoke m'mitu mwa anthu. Ine ndikuona ngati palibe choopsa poti fomu yomwe amupatsa ikuti atha kusiya nthawi iliyonse chithandizo cha kusikelo osamulanda, koma bambo a kunyumba kwake asokonezeka sakudziwa amvere ndani.

Alipo analowapo zoterezi? Diripuyo munamva bwanji mthupi, nanga mwana anabadwa bwinobwino? SP, mankhwala oteteza ku malungo aja, apitirize kumwa? Asanasaine afunse chani kwenikweni?